Msana wa a Gerevazio

Ku komponi, Joni
14 Meyi 1972

Amake Elena,

Mwandivula pagulu. Ndiyambe ndi zimenezi, moni abwera pambuyo.

Msuwani wanu Rafaelo wafika kuno sabata yatha, ndipo kamtolo kamene munamupatsira sanandiitanire pambali ngati munthu woleredwa. Anaima pakati pa chipinda, amuna onse ali pa mabedi awo a simenti, n'kukweza mawu ngati akuitanira malonda: "Alamu! A Gerevazio! Akunyumba akuti mizu iyi muziwiritsa m'mawa ndi madzulo, ndi ya msana!" Inu ndinu munthu wamkulu, mukudziwa chimene amuna amaganiza akamva kuti mkazi watumizira mwamuna wake mankhwala a msana. Chipinda chonse chinafa ndi phwete. Mpaka lero pali Mshangani wina amene akandiona amawerama, kugwira m'chiuno, n'kumafunsa kuti, "Madala, mizu yayamba kugwira?"

Mizuyo ndaiponya m'mbaula. Msana wanga ulibe kanthu. Ndinakuuzani tsiku lija munakhala pakhomo n'kumati ndakalamba, ulendo wa ku Joni ndisiyire anyamata, ndipo ndikubwerezanso lero. Ine ndacheka matabwa pa Phiri la Dedza zaka zosawerengeka, ndili m'dzenje pansi pa chipika, utuchi ukundithira m'maso. A Wenela, potilemba ntchito ya kumigodi, anandivula, anandigogoda pachifuwa, anandiyang'ana mano ngati ng'ombe ya pamsika, sanapeze chilema. Inu mwachipeza kuti?

Tsopano moni. Muli bwanji kumeneko, inu ndi Elena ndi ana ake? Mlongo wanu, alamu anga a Yohana, ali bwanji? Ine ndili bwino. Ntchito yanga ndi yoimika mitengo yochirikiza denga la mgodi kuti lisagwere anthu, ndipo pa gulu lathu palibe wodziwa mtengo kuposa ine.

Wondilembera ndi Alufeo wa ku Lobi, amene amatitsogolera mapemphero Lamulungu. Ine sukulu sindinaiponde, koma mawu anga ndimawadziwa kutalika kwake. Akalemba kachidutswa ine nditayankhula zambiri, ndimamubweza. Nawe Elena, powawerengera mayi ako uwerenge zonse, usamadumphe zowawa.

Chimanga musachisiye pamkukwe nthawi yaitali, chiswe chilibe ulemu. Nkhokwe yakumadzulo ija ikufuna nsungwi zatsopano. Dimba langa la kachewere musabwereke munthu, ngakhale a Yohana. Ngalande zake ndinakumba ndekha, wina adzangozikwirira. Ndatumiza ndalama pang'ono kudzera ku ofesi. Mugule bulangete, mchere, ndi makhadi a chipani a chaka chino, anyamata aja angakubwezeni pachipata cha msika. Zina sindinena, kalata imadutsa m'manja ambiri.

Tulo kuno ndi tochepa, koma ndi nsikidzi.

Ndine mwamuna wanu,
Gerevazio Kalilangwe


20 Ogasiti 1972

Amake Elena,

Moni nonse. Kalata yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti chifuwa cha kamwana ka Elena chatha, ndiponso kuti chisanu cha Juni sichinapsereze kachewere yense. Ine ndili bwino ndithu.

Mwafunsa chifukwa chake ndinakhala chete. Alufeo anamusinthira shifiti, ndipo ine mawu anga sindingapereke kwa munthu wamba. Komanso panali kanthu kakang'ono. Mtengo wina unatiterereka potsitsa, amene anagwira kutsogolo anautaya, kulemera konse kunabwera kwa ine. Sindinagwe. Ndinangokhala pansi pang'ono kuti ndiganize. Si msana. Ndi apa pamwamba pa chiuno, pamene lamba amadutsa. Alufeo akuti pamenepo ndi pamsana pomwe. Alufeo ntchito yake ndi kulemba.

Kuchipatala cha komponi anandipatsa mapilitsi oyera ndi masiku opuma. Sindinabwererekonso. Kuno munthu akazolowera khomo la chipatala dzina lake limadziwika, kenako amamuuza kuti alongedze. Ine sindinabwere kuno kuti ndidzabwerere ndi sutikesi yopanda kanthu, a Yohana n'kumati, "Si uja tinkanena."

Chimene chikundidabwitsa ndi mtima. Ndikagona umagunda ngati akazi awiri akusinja mtondo umodzi. Palibe chondithamangitsa, koma thupi limakhala ngati la munthu amene waponda njoka. Kukamwa gwa, m'manja thukuta, pamene kunja kukuzizira kuposa kwathu. Ndiponso ukali wandichuluka. Dzana ndinatsala pang'ono kumenya munthu chifukwa anamwera kapu yanga. Inu mukudziwa, zaka zonsezi sindinatukulepo dzanja ngakhale pa galu. Mwina ndi madzi a kuno.

Lamulungu anzanga amapita kubwalo kukaonera magule a mitundu, ena kumowa. Ine ndimakhala kumpanda kuyang'ana mapiri a kuno. Si mapiri enieni, ndi mchenga wachikasu wotuluka mumgodi, anangouunjika mpaka kutalika. Sipamera kanthu, sipalira mbalame, palibe ngakhale nyani wodzaba chimanga ngati wa ku Mphunzi. Mphepo ikaomba, fumbi lake limalowa m'mano. Ndimawayang'anabe, poti ena kulibe.

Mapichesi ayenera kuti achita maluwa tsopano. Mundiuze ngati wakuseri kwa khola uja wachira pamene mbuzi zinamusenda. Nsalu imene munanena ndaiona m'sitolo ya pakomponi, ya maluwa obiriwira, marandi awiri. Ndidikira mwezi uthe.

Mizere muyambe msanga, dothi lisanaume gwa. Mukaona kuti yakukulirani, fululani mowa muitane dima. Musadziphe ndi khasu nokha, inu simuli ngati ine.

Mwamuna wanu,
Gerevazio


12 Novembala 1972

Amake Elena,

Moni. Ndikhulupirira mvula yayamba kuonetsa nkhope kumeneko. Kuno yagwa kale ndi matalala. Ine ndili bwino, ndipo ulendo uno Alufeo sanakweze nsidze polemba mawu amenewa.

Pali nkhani ndikufuna mumve, ya mnzanga wina wa m'chipinda chathu. Dzina lake simukulidziwa. Iyeyu msana unamuvuta kwambiri, pomanga jombo ankachita kugwada ngati ali pa misa. Wina anamuuza za munthu wa ku lokeshoni amene amawongola misana ndi manja okha, popanda mphini, popanda mizu, popanda kuombeza. Poti mnzangayo ndi wamantha, ndimamuperekeza Lamulungu lililonse tikatuluka m'mapemphero.

M'nyumbamo muli tebulo lalitali loyalidwa bulangete. Wodwala amavula malaya n'kugona chafufumimba. Mwini ntchitoyo amayamba kuyenda ndi zala pa mfundo za msana imodziimodzi, ngati mmene inu mumasankhira nyemba, mpaka apeze imene yauma. Kenako amamugoneka cham'mbali, mwendo umodzi kuupinda, dzanja lina paphewa lina pachiuno. Amati, "Tulutsani mpweya wonse." Mpweya ukangotha amakankha kamodzi, mwamsanga. Thyo! Ngati mwathyola phesi louma. Munthu umaganiza kuti basi, wandipha. Kenako umamva kutentha kukutsika m'mwendo mpaka kuchala, ngati akuthira madzi ofunda m'kati mwa fupa.

Koma chodabwitsa si chimenecho. Mnzangayo akuti atatsika patebulo anamva m'chifuwa muli phee. Mtondo uja unaleka. Mapewa amene anali kumakutu anatsika okha. Ndiye misozi inangoyamba kutuluka, munthu wamkulu, popanda maliro. Anachita manyazi, anati ndi utsi wa mbaula. Mwini nyumba anangomupatsa tiyi n'kunena kuti ambiri amatero. Akuti ululu ukakhalitsa, thupi limayesa kuti lili pankhondo. Limathira m'magazi zinthu zija zimene zimamupatsa munthu liwiro akakumana ndi chilombo, ndipo limathira usana ndi usiku osaleka. N'chifukwa chake tulo timathawa, ukali n'kubwera. Ululu ukapumako, nazonso zimaphwa. Akuti anazimva kwa mzungu wina wa m'tauni wa ntchito yomweyi, amene ankamuchapira nsalu zaka zambiri uku akuonera. Ine za m'magazi sindikudziwa, sindinazione. Chimene ndikudziwa n'chakuti tsiku limenelo munthu anagona mpaka belu, Mshangani uja anachita kumukoka mwendo.

Alufeo akuseka. Lemba iwe, palibe choseketsa.

Si kuchira ayi. Mwini wakeyo amanena yekha kuti sachiritsa, amangomasula. Pofika Lachinayi chingwe chimayambanso kukoka, Loweruka munthu wayambiranso kugwada. Koma masiku atatu a tulo kuno ndi chuma. Malipiro ake ndi ochepa, ngati mtengo wa malofu awiri a buledi. Ndipo anthu a pa gulu lathu akuti madala masiku ano akuseka. Mnzangayo, ndikutanthauza.

Nsalu ija ndagula, ndapatsira munthu wa ku Thete amene wamaliza nthawi yake. Muivale, musaisunge m'bokosi kudikira maliro. Mbewu ya nyemba musabzale yonse ndi mvula yoyamba, imanamiza. Mapichesi akapsa ana asawathothole aawisi, ndipo ena muwatumize kwa ansembe. Mwanena kuti a Yohana akudandaula kuti dimba langa lamera udzu m'mbali. Udzuwo ndi wanga.

Mwamuna wanu,
Gerevazio


11 Febuluwale 1973

Amake Elena,

Moni ndipereka poti ndi mwambo.

Kalata ya a Yohana yafika. Alufeo anayamba kuiwerenga, anafika pakati n'kuima, ndinachita kumukakamiza. Ndiye ine ndine mtchona? Ndakwatira ku lokeshoni? Ine amene ndakhala chikamwini pamudzi panu zaka zoposa makumi atatu, ndi kucheka matabwa a bokosi la amayi anu ndi manja angawa? Akuti iwo monga mwini mbumba aitana ankhoswe chimanga chikacha kuti andisudzule. Akuti dimba alitenga kale kuti lisagone. Akuti sowo yanga ndi nkhwangwa aziika pakhonde kuti abale anga adzatenge. A Yohana amene ndinawapeza akuyenda ndi kabudula wong'ambika kumbuyo, n'kuwaphunzitsa kukhomera khasu pampini!

Rafaelo ndamufunsa. Ndinamupeza pamzere wa chakudya. Ndinati, "Iwe, unalemba chiyani kumudzi?" Iye, "Zimene ndinaona, alamu." "Unaona chiyani?" "Ndinakutsatirani. Chitseko chinali chotsekula pang'ono. Munali patebulo opanda malaya, mayi atakukumbatirani chonchi, inu n'kubuula." Anthu pamzere anayamba kuimba mluzu. Ndinati, "Unalowa? Unafunsa?" Akuti, "Zoterozo safunsa, alamu." Mbale yanga ya nyemba inathera pamutu pake. Andidula malipiro a tsiku, sindikudandaula.

Inde, wowongola misana uja ndi mkazi. Sindinanenepo kuti ndi mwamuna. Dzina lawo ndi mayi Sibongile, amasiye, ali ndi zidzukulu zodzaza nyumba, thupi ngati nkhokwe ya chaka chabwino, ndipo Lamulungu amavala yunifolomu ya amayi a mpingo wawo. Inde, malaya ndinavula. Chifukwa chake ndi changa. Munthu wa imvi safotokoza za thupi lake kwa mlamu wake wamng'ono, kudzera pakamwa pa mwana wake wamkazi.

Alufeo akuti, "Bambo, ingonenani, nkhani ithe." Ndamuuza kuti akadzakhala pabanja zaka makumi atatu adzandilangize.

Ine ndikufuna kumva kwa inu, osati kwa a Yohana. M'kalatamo mawu anu mulibe ngakhale amodzi. Munali pomwepo polemba? Sowo yanga mukuidumpha pakhonde m'mawa uliwonse, mvula ikuimenya? Muipake mafuta, muilowetse m'nyumba, ilibe mlandu.

Ndalama ndatumiza monga mwa nthawi zonse. Mwezi uno ndi wa njala, mugule chimanga ana asamadye maungu okha. Mtchona satumiza ndalama, auzeni zimenezo.

Gerevazio


8 Epulo 1973

Amake Elena,

Moni kwa inu ndi kwa ana. Mawu anu afika. Mzere umodzi, Elena anaulemba pansi pa pepala: "Ngati si mkazi wanu, lekani kupitako." Ndinauza Alufeo atembenuze pepala, ndimati mwina ena ali kuseri. Kunalibe.

Ndaleka.

Ndinapita komaliza kukatsazika, poti kuchoka osatsazika ndi kwa mbava. Malaya sindinavule. Timamvana m'chilapalapa cha mumgodi, chotsala timamaliza ndi manja. Mayi Sibongile anamvetsera nkhani yonse, kenako anati, "Baba, mkazi wanu akudziwa za msanawu?" Ndinati, "Anadziwa ine ndisanadziwe." Anati, "Ndiye vuto lili pati? Muuzeni kuti ananena zoona." Ndinati, "Kwathu sititero." Anaseka mpaka kugwira tebulo. Akuti, "Amuna a ku Nyasa, a ku Lesotho, a kwa Zulu, nonse munayamwa bere limodzi. Mumalola fupa lithyoke, liwu litsale." Kenako anasiya kuseka n'kundichenjeza kuti ndikadzamva mwendo ukufa dzanzi, kapena phazi likukhwekhwereza pansi, ndisadzabwere kwa iwo. Imeneyo akuti si ya manja, ndidzathamangire kuchipatala. Ndalama ya tsikulo anakana, poti sanagwire ntchito, koma tiyi anandipatsa.

Ndiye ndinena. Elena, apa uwerenge mofulumira, usawayang'ane mayi ako kumaso. Mnzanga uja kulibe. Ndine. Msana ukundipweteka, ndipo mtengo wa chaka chatha uja unangomaliza zimene zinayamba kale. Munanena zoona. Ndanena kamodzi, sindibwerezanso.

Pali china chimene sindikudziwa kuchinena bwino pamaso pa Alufeo. Kuno munthu sakhudzidwa. Amakukhudza ndi wapolisi wa pachipata pokupisa m'matumba, ndi anzako mukapanikizana mukheji, chikepe chotsikira pansi pa mgodi, chigongono m'nthiti. Chaka chathunthu ndi miyezi yake. Manja a mayi aja sanali a chikondi, anali a ntchito, olimba ngati a mmisiri wa njerwa. Koma anali manja ofuna kuti ndikhale bwino, ndipo thupi linkakumbuka kuti ndine munthu. Pamene ndinkalira patebulo paja sindinkalira iwo. Ndinkaona inu mukundithira madzi kumsana kuseri kwa nyumba ndikachoka ku matabwa, uku mukukalipa kuti utuchi ndadzaza nawo pamphasa. Basi. Alufeo wayang'ana kumbali, wachita bwino.

Auzeni a Yohana zimenezi, ankhoswe asavutike ndi ulendo.

Ndagula wayilesi yaing'ono, ndidzabwera nayo ndekha. Elena ndamugulira diresi, ndasankha lalitali poti ndamva kuti kwathu zazifupi sizikuloledwa. Nyemba muzimenye zikangouma, musadikire anankafumbwe.

Mwamuna wanu,
Gerevazio


24 Juni 1973

Amake Elena,

Moni. Ndimati ndinene kuti ndili bwino, koma Alufeo waika cholembera pansi, akuti lero ndi Lamulungu.

Yankho la a Yohana ndamva. Akuti anaitanitsa makalata anga onse, Elena n'kuwawerenga pamaso pa ankhoswe. Yoyamba ikuti msana wanga ulibe kanthu. Yachiwiri ikuti si msana. Yachitatu ikuti ndi wa mnzanga. Ndiye akuti, "Munthu wagwidwa, lero ndi pamene msana wayamba kupweteka? Bodza lake ndi liti, lakale kapena latsopanoli?" Diwa ndinatchera ndekha, landigwera ndekha, zimenezo ndikuziona. Ndamvanso kuti mng'ono wanga, amene ndi nkhoswe yanga, anakana kuweruza munthu palibe, ndipo nkhani aikankhira ku Sepitembala. Mumuthokoze.

Ku lokeshoni sindinapondeko. Alufeo wandichonderera, akuti tipite awiri, iye akhale mboni, alembe zonse zimene aone. Ndakana. Ndinakuuzani kuti ndaleka, ndipo pa mawu anga onse limenelo lokha ndi limene latsala losathyoka.

Zonse zija zabwerera, zabwera ndi ana ake. Mtondo ukusinja. Chakudya sichitsika, lamba ndaboola mabowo atsopano. Chitseko chikangomenyeka ndimadzidzimuka. Pansi, mwala ukalira pang'ono ndimathawa ngati munthu wobwera dzulo, ine amene ndinkauza ena kuti uwu ukungoyankhula, uwu ndiye ukugwa. A pa gulu langa amandinyamulira mitengo kapitawo akapenya kumbali. Sindinawapemphe, ndiponso sindiwathokoza, chifukwa ndikatsegula pakamwa pamatuluka ukali wokha. Ngakhale Mshangani uja wasiya kundiseka, ndipo zimenezo zikundiwawa kuposa kuseka kwake. Phazi lamanzere layamba kuiwala kuti ndi langa. Dzulo jombo inavuka ine osamva.

Ndikudziwa chimene mayi aja ananena za phazi. Koma nthawi yanga yatsala miyezi yowerengeka, ndipo ndikufuna kutuluka pachipata chino ndi miyendo yanga, ngati mmene ndinalowera.

Kumpanda kuja sindifikako tsopano. Lamulungu ndimatsala ndekha m'chipinda, mabedi onse ali mbee. Ndimatsegula wayilesi yanu. Nthawi zina imagwira ya kwathu, mawu a Chichewa amabwera n'kupita ngati munthu akuyankhulira kutsidya kwa mtsinje wodzaza. Sindimva zimene akunena. Ndimangoiika pakhutu mpaka atayike, kenako ndimazimitsa, mabatire angathe musanaimve.

Kwanu tsopano kukuzizira, nkhungu ikuyenda m'madimba. Mufunde bulangete latsopano lija, musapatse alendo.

Kwa inu sindinamve kanthu chichokere Epulo. Sindikupempha zambiri. Ngakhale mutangouza Elena alembe kuti mbuzi yaswa.

Gerevazio


Chipatala cha mgodi
19 Ogasiti 1973

Amake Elena, Falesi wanga,

Moni. Ndili m'chipatala, Alufeo wabwera ndi pepala kudzandiona.

Mwendo unandikana pansi, tikudikira kheji. Ndinati ndiponde, panalibe chopondera. Anandikweza pamachira. Dokotala wandijambula n'kundionetsa chithunzi cha mafupa anga. Akuti pakati pa mfundo ziwiri pali kanthu kamene kaphwanyika n'kutsamira mtsempha wa mwendo. Anafunsa chifukwa chake ndinachedwa kubwera. Ndinamuuza kuti ndinali ndi mlandu kumudzi. Womasulira anamasulira, koma dokotala sanamve.

Ndinamufunsa ngati manja a mayi aja akanandipulumutsa. Akuti sakudziwa, mwina ayi, chimene chinandidya ndi mitengo. Ndiye musamaganize kuti munandipundula ndi mzere wanu umodzi uja. Munangondilanda tulo.

Ntchito yatha. Ndikuyenda ndi ndodo ziwiri, kuchoka pabedi kufika pakhomo, pamenepo ndiye ulendo wonse. Atikweza sitima ndi ena odwala, kenako ndege, ndipo akuti basi idzanditsitsa pa Linthipe Lachisanu loyamba la Sepitembala. Ndili ndi sutikesi, wayilesi ndi mabulangete awiri. Kuchoka pamsewu kufika kumudzi kwa Kabwazi sindingayende. Ankhoswe akhale monga anapangana, ndidzakhalapo, ndipo akafuna ndidzavula malaya pabwalo pomwepo.

Tsopano Elena, imirira. Pita ndi pepalali kwa amalume ako, ukawerenge mokweza anthu akumva.

A Yohana, muli ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Muzimange, muyale udzu m'ngolomo, mubwere pa Linthipe. Musatume mwana, musatume mng'ono wanga, musatume mlongo wanu Falesi. Ine sindingakwere ndekha, pafunika munthu wondigwira m'khwapa n'kunditukula ngati thumba. Munthuyo ndinu. Mudzandinyamule ndi manja anu, mumve nokha kulemera kwa chigololo changa, kenako mukauze mlongo wanu zimene mwapeza. Ndidzakhala pansi m'mphepete mwa msewu pomwepo mpaka mufike. Ngolo ina sindikwera.

Ndine mkamwini wa pamudzi panu,
Gerevazio Kalilangwe